Mfuti ndi Ana a Sukulu: Nkhani Yochokera kwa Maseya

(Nyimbo yotsegulira imveka, kenaka itsika pang'onopang'ono.)

WOULUTSA:  Pulogalamu yathu ya maphunziro lero ikuchokera kuno kwa Mfumu Maseya, m'boma la Chikwawa, ndipo nkhani yake ndi ya mfuti ndi ana a sukulu. Tcherani khutu.

MKAMBI: Ndiyambe ndi kuwomba m'manja pamaso pa eni dziko, mafumu ndi anyakwawa, pakuti nkhani imene ndadza nayo madzulo ano ikhudza mbiri ya mipando yawo, ndipo mwana sakamba za makolo a mfumu asanapemphe mwayi. Ndikupatsaninso moni inu amayi ndi abambo, inu aphunzitsi, ndi inu ana amene mwakhala pamphasa pamodzi ndi agogo anu.

Pa 14 Disembala 2012, m'tauni ya Newtown, m'chigawo cha Connecticut ku America, mnyamata wa zaka 20 analowa pasukulu ya pulaimale ya Sandy Hook atanyamula mfuti, ndipo m'mphindi zowerengeka chabe anapha ana 20 a zaka 6 ndi 7, misinkhu ya ana athu a Sitandade 1 ndi 2, pamodzi ndi akuluakulu 6 ogwira ntchito pasukulupo, amene ena a iwo anafa akuyesa kutchinjiriza anawo ndi matupi awo. Tsoka limeneli silinali loyamba m'dzikomo, ndipo silinakhale lotsiriza. Pasukulu ya Columbine mu 1999 panafa ophunzira 12 ndi mphunzitsi mmodzi tsiku limodzi. Ku Parkland mu 2018 kunafa anthu 17. Ku Uvalde, m'chigawo cha Texas, pa 24 Meyi 2022, kunafa ana 19 ndi aphunzitsi awiri. Lero ana a m'dziko limenelo amaphunzitsidwa m'kalasi momwe angabisalire, kuzimitsa magetsi, kutseka chitseko ndi kukhala chete, kukonzekera tsiku limene munthu wa mfuti adzafike.

Tsono tsoka lotere likagwa, maliro asanathe n'komwe, dziko lonselo limagawika pawiri, ndipo mkangano wake umakhala womwewo chaka ndi chaka. Ena amati mfuti zichepetsedwe. Wofuna kugula ayambe wafufuzidwa mbiri yake. Mfuti zonga za asilikali, zolavula zipolopolo zambirimbiri munthu asanaphethire, zisagulitsidwe kwa anthu wamba. Ena amati mfuti payokha siipha munthu, wopha ndi mtima woipa wa woigwira. Iwo amakumbutsa kuti lamulo lalikulu la dziko lawo, m'ndime imene inawonjezedwa mu 1791, limapatsa nzika ufulu wosunga ndi kunyamula zida, ndi kuti bwalo lawo lalikulu la milandu linagamula mu 2008 kuti ufuluwo ndi wa munthu aliyense payekha wofuna kudziteteza m'nyumba mwake. Chotero, iwo amati, mukalanda mfuti munthu womvera lamulo mwamusiya chimanjamanja pamaso pa chigawenga chimene chilibe nalo ntchito lamulolo. Bungwe lalikulu la eni mfuti, la National Rifle Association, patangopita sabata imodzi ana a ku Sandy Hook ataphedwa, linanena poyera kuti mankhwala ake ndi kuika mlonda wa mfuti pasukulu iliyonse; ndipo mu Epulo 2013, misozi ya makolo isanaume, lamulo loti ogula mfuti azifufuzidwa mokwanira linagwa m'nyumba yawo ya Senate, litapeza mavoti 54 pamene linafunika 60. M'menemo mfuti zikungochulukabe. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva, m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2018, linayerekeza kuti anthu wamba a ku America ali ndi mfuti 393 miliyoni, ndiko kuti mfuti zaposa anthu a m'dzikomo kuchuluka kwake. Ndipo mu 2020 mfuti zinapitirira ngozi za galimoto, nizikhala chinthu chotsogola pa imfa za ana ndi achinyamata kumeneko.

Wina ali pakhonde pake ku Bereu kapena ku Nchalo afunsa kuti, nanga ife izi zitikhudza bwanji, popeza nkhani zotere si zimene timamva m'sukulu zathu? Ndikanatha kuyankha ndi mawu a makolo akuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndipo yankho limenelo likanakwanira. Koma chilipo china chozama kuposa pamenepo. Mkangano umene anthu a ku America akulimbana nawo pakamwa, chigwa chathu chino cha Shire chinauyesa kale pa matupi a ana ake, ndipo dzina lenileni la dera lino ndi mboni yake.

Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, nafika kwa Chibisa, kufupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero, anapeza dziko la Amang'anja olima thonje ndi mapira, osula makasu, owomba nsalu zawozawo. Patapita zaka zitatu zokha dzikolo linasanduka manda. Osaka akapolo onyamula mfuti anali kusakaza midzi ya kumapiri, ena anali kukwera kuchokera ku Zambezi, monga anthu a Mariano, amene makolo athu anamutcha Matekenya. Ndipo pamwamba pa nkhondo panagwa chilala ndi njala ya 1862 ndi 1863, imene Livingstone ndi anzake analemba kuti mitembo ya anthu inali kuyandama pa Shire tsiku ndi tsiku. Mmang'anja anali ndi uta ndi mivi, ndipo uta sunathe kuimirira pamaso pa wonga.

M'masiku oipa amenewo kunali kagulu ka amuna osafika 20, amene Livingstone anadza nawo kuchokera ku dziko la Sekeletu, kumtunda kwa Zambezi, ndipo anatsala kuno iye atachoka. Ndiwo Amakololo, amene ambiri timati Amagololo: Kasisi, Chipatula, Mlauli, Katunga, Mlilima, ndi Maseya mwini wake, amene dzina lake tikhala pansi pake lero lino. Iwo analibe abale kuno, analibe manda a makolo kuno, ngakhale chilankhulo anachita kuphunzira. Chuma chawo chonse chinali mfuti ndi luso loigwiritsa ntchito. Komatu taonani chimene chinachitika. Anthu othawa ukapolo ndi njala anakhamukira kwa iwo, namanga nawo malinga m'mbali mwa mtsinje, ndipo alendo aja anakaniza osaka akapolo kulowa m'midzi yawo, nasunga madooko a Shire kuti Angoni asaoloke mwachisawawa. Ndinene mosabisa mawu, kuti mayi wa m'chaka cha 1863, amene anafika pa linga la Maseya atabereka mwana kumbuyo, akanamva munthu akunena kuti mfuti ya munthu wabwino ndiyo itchinjiriza ofooka, akanavomera ndi mtima wonse, ndipo ine sindikanakhala ndi pakamwa pomutsutsira. Ambiri a ife amene tikumvera wailesi madzulo ano tilipo chifukwa agogo athu anapeza pothawira pamenepo.

Koma walira mvula walira matope. Mfuti zomwezo zimene zinateteza ndizo zinalamula. Ufumu wakale wa Lundu, umene unaima zaka mazanamazana pamodzi ndi kachisi wa Mbona wa ku Khulubvi, unagwedezeka nugawidwa, ndipo eni nthaka anayamba kupereka mitulo kwa alendo amene dzulo lake anali onyamula katundu wa mzungu. Sindinena izi kuti ndichepetse mpando wa mfumu iliyonse, pakuti mafumu athu a lero ndi zidzukulu za amayi a Chimang'anja, ndipo mabala aja anapola kalekale. Ndinena kuti tione mmene chida ichi chimayendera. Mu 1884 Chipatula, mfumu yoopedwa kumunsi konse, anawomberedwa ndi mzungu wamalonda George Fenwick pa mkangano wa malonda a minyanga, awiriwo ali pa mowa, ndipo anthu a Chipatula anabwezera napha Fenwick. Amuna awiri odziwana bwino anatha motero chifukwa pa nthawi ya mkwiyo mfuti inali pafupi ndi dzanja. Ndipo mu Novembala 1889, pamene Serpa Pinto anakwera Shire ndi gulu lankhondo la Apwitikizi, ankhondo a Mlauli anakomana naye chakumunsi kwa Chiromo, nagwa ambiri, popeza gogodera wawo anakomana ndi mfuti za makina. Amene anakula ndi mfuti anapeza kuti kuli mfuti ina yoposa yake.

Chaka chotsatira, mu Julayi 1890, maiko a ku Ulaya amene anasonkhana ku Brussels anapangana kuti mfuti zamakono zisagulitsidwe kwa anthu a m'chigawo chachikulu cha Africa. Chifukwa chimene anapereka chinali chothetsa malonda a akapolo, ndipo chinali chifukwa chabwino; koma chotuluka chake chinali chakuti munthu wakuda anatsala ndi gogodera, pamene msilikali wa boma la atsamunda, wodzasonkhetsa msonkho wa nyumba, anali ndi mfuti yeniyeni. Ndicho chifukwa chake munthu akamakayikira lamulo lolanda mfuti, nafunsa kuti kodi wolandayo adzatsala ndi chiyani m'manja mwake, ine sindimuyesa wopusa. Funso limenelo ndidzabwereranso kwa ilo.

(Nyimbo pang'ono.)

WOULUTSA: Mukumvera nkhani ya mfuti ndi ana a sukulu, kuchokera kwa Mfumu Maseya ku Chikwawa. Tipitirize.

MKAMBI: Inu amene mwafika zaka 40 ndi kupitirira simufunika buku kuti likuuzeni za ulendo wachiwiri umene mfuti inadza m'chigwa muno. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, ya Frelimo ndi Renamo, inayamba mu 1977 nitha mu 1992, ndipo makamaka kuyambira 1986 abale athu a kutsidya anaoloka malire mwaunyinji, kufikira dziko lathu laling'onoli linasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. M'boma la Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Maina a Mankhokwe, Nyamithuthu ndi Kunyinda anadziwika kufikira kunja kwa dziko lino. Anthu amenewo anadza ndi miphika pamutu ndi ana kumbuyo, ndipo tinagawana nawo nthaka, zitsime ndi manda; asawanenere zoipa munthu. Mfuti zinadzera njira ina. Zinadza ndi asilikali othawa ndi anjala, amene anali kusinthanitsa chida ndi chakudya kapena ndalama zochepa. Ndipo mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mfuti zambiri sizinaperekedwe kwa olandira zida, koma zinakwiriridwa m'tchire ndi m'mapanga kudikira ogula. Kwathunso, mu Disembala 1993, pamene asilikali a dziko lino analanda zida a Malawi Young Pioneers pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, ena a iwo anathawira ku Mozambique atanyamula zida zawo. M'zaka zimenezo ndimo dzina la AK-47 linalowa m'kamwa mwa ana a m'midzi yathu, ndipo mbava imene kale inkaboola khola usiku mwakachetechete inayamba kufika poyera, niuza mwini ng'ombe kuti atsegule yekha. Nyama za m'tchire nazo zinalawa: pofika 1992 m'nkhalango ya Majete munalibenso njovu ngakhale imodzi, ndipo zimene mukuziona lero zinachita kubwera nazo pa magalimoto, bungwe la African Parks litayamba kusamala nkhalangoyo mu 2003.

Apa tsono ndipo pagona nkhani yanga yonse, ndipo ndipempha kuti muigwire bwino. Munthu sagula mfuti popanda chifukwa. Amaigula chifukwa cha mantha, ndipo kawirikawiri mantha akewo amakhala oona. Koma mantha amatha, nkhondo imatha, mwini mfuti amakalamba, maso ake nachita chidima, kenaka nanka kumanda. Mfuti yokha ndiyo sikalamba naye. Chitsulo chimene chinakulungidwa m'chiguduli chothira mafuta mu 1992, nichisomekedwa kutsindwi kapena kukwiriridwa pansi pa nkhokwe, chikhoza kulira lero monga chinalirira tsiku loyamba. Ndipo amene adzachipeze si mbala imene mwiniyo ankaiopa, koma mdzukulu wake wa zaka 12, wofunafuna mazira a nkhuku kapena zitsulo zakale zokagulitsa.

Yang'anani bwino nkhani za kunja zija, mudzaona chomwechi. Mnyamata wa ku Sandy Hook sanagule mfuti kwa zigawenga. Anatenga mfuti za mayi wake, zogulidwa motsata lamulo, ndipo woyamba kuphedwa nazo m'mawa umenewo anali mayi wakeyo. Ku Belgrade, m'dziko la Serbia, pa 3 Meyi 2023, mwana wa zaka 13 anatenga mfuti za bambo wake, napita nazo kusukulu, ndipo ana anzake 9 ndi mlonda wa pasukulupo anataya miyoyo. Ku Oxford, m'chigawo cha Michigan, mnyamata wa zaka 15 anapha anzake anayi mu Novembala 2021 ndi mfuti imene makolo ake anali atangomugulira, ndipo mu 2024 bwalo la milandu linapeza makolowo olakwa, niliwalamula kukakhala kundende zaka zosachepera 10. M'nyumba zonsezi mfuti inalowa ndi dzanja la munthu amene anansi ake akanamuchitira umboni kuti ndi nzika yabwino. Apa ndipo ganizo logawa anthu pawiri, abwino ndi oipa, lipunduka. Pakuti mfuti sikhala m'dzanja limodzi, imachoka kwa bambo kunka kwa mwana, ndipo ngakhale bambo yemweyo, amene m'mawa ali munthu wofatsa, madzulo akhoza kukhala ataledzera kachasu, atakangana ndi mkazi wake kapena ndi mnzake wa m'malire a munda.

Inu alimi a thonje mudziwa bwino chinthu ichi. Mankhwala opopera thonje alibe mtima woipa, ndipo sanayendepo okha kukalowa m'kamwa mwa munthu. Komabe palibe mlimi wanzeru amene amawaika pambali pa mtsuko wa madzi akumwa nati mwana wanga ndinamulera bwino, ndipo tonse tamvapo za maliro a munthu amene anapsa mtima usiku umodzi botolo lili pafupi, amene akanaona kucha likanakhala kutali. Amene amati wopha ndi mtima anena zoona, koma aiwala kuti mtima woipa wokhala ndi chikwanje umavulaza mmodzi kapena awiri anthu naugwira, pamene mtima womwewo wokhala ndi mfuti ya zipolopolo 30 umatha kalasi yathunthu munthu asanafuule.

Za mlonda wa mfuti pasukulu iliyonse, Uvalde anayankha. Tsiku limene ana aja anaphedwa, apolisi ndi achitetezo 376 anafika pasukulupo, onse ndi zida, ndipo panapita mphindi 77 asanalowe m'chipinda mmene munali wakuphayo, ana ali mkati akuimba foni kupempha thandizo. Chimodzi mwa zimene zinawachititsa mphwayi chinali kuopa mtundu wa mfuti imene mnyamatayo anali nayo. Ngati zinatero m'dziko lolemera chotero, ine sindiona nzeru yoti mphunzitsi wathu, amene ali kale ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo, timusenzetsenso chida.

Alipo maiko amene anasankha njira ina. Ku Dunblane, m'dziko la Scotland, kwawo kwa Livingstone yemwe uja, pa 13 Malichi 1996, munthu wokhala ndi ziphaso zonse za mfuti zake analowa pasukulu ya pulaimale napha ana 16 ndi mphunzitsi wawo. Makolo ndi anthu a kumeneko anasonkhanitsa maina oposa 700,000 pa kalata yodandaula, ndipo mu 1997 nyumba ya malamulo ya ku London inaletsa anthu wamba kusunga pafupifupi mfuti zonse zazing'ono za m'manja. Kuyambira pamenepo kupha kotere sikunachitikenso pasukulu ya ku Britain. Ku Australia, anthu 35 ataphedwa ku Port Arthur mu Epulo chaka chomwecho cha 1996, boma la John Howard linagula kwa eni ake mfuti pafupifupi 650,000 niliziphwanya.

Koma chitsanzo chimene chili pamtima panga chili pafupi, kutsidya kwa malire komwe kuno, ndipo chinachokera kwa anthu osauka ngati ife. Nkhondo ya ku Mozambique itatha, Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, amene anali mmodzi wa oyenda pakati pofunafuna mtenderewo, anaona kuti pepala la ku Rome silidzafukula mfuti zokwiriridwa, ndiponso kuti munthu amene wakhala zaka zambiri akudya ndi mfuti sangaipereke chifukwa chongomuopseza. Chotero mu 1995, pamodzi ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu ya m'dzikomo, potsata masomphenya a mneneri Yesaya onena za zida za nkhondo zosulidwa kukhala zida zolimira, anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu. Wobweretsa mfuti sanali kufunsidwa dzina lake kapena kumene anaitenga. Anali kulandira khasu, njinga, makina osokera, malata kapena simenti, monga mwa kuchuluka kwa zimene wabweretsa, ndipo mfutiyo inali kudulidwa zidutswazidutswa kuti isadzalirenso. Sanapereke ndalama, podziwa kuti ndalama ikhoza kukagula mfuti ina. Amisiri a ku Maputo anatenga zidutswazo nazilumikiza kukhala zosemasema, ndipo mpando umodzi wopangidwa ndi mfuti zokhazokha uli lero m'nyumba ya British Museum ku London. Nzeru ya bishopuyo inali yakuti anazindikira njala ndi mantha a mwini mfuti, nawayankha, m'malo momutcha chigawenga. Ndipo ndiyesa kuti nzeru imeneyo ikhoza kumera pa nthaka ya kwa Maseya monga inamerera ku Mozambique.

Nanga lamulo lathu likuti chiyani? Ku Malawi kuno mfuti si ufulu wobadwa nawo. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amalonjeza ufulu wokhala ndi moyo ndi ufulu wa maphunziro, koma salonjeza munthu chida. Lamulo la mfuti la 1967 limati wosunga mfuti akhale ndi chiphaso chochokera kuboma kudzera kupolisi, chimene chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo wopezeka ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso walakwira lamulo, ngakhale mfutiyo ikhale gogodera wosulidwa kumudzi. Pamenepa makolo athu anatiikira maziko abwino, ndipo ndikanalangiza kuti tisawagwedeze. Koma lamulolo linalembedwa nkhondo ya ku Mozambique isanayambe, ndipo liyenera kuyenda ndi nthawi. Tikumbukirenso kuti pangano la maiko a SADC loyang'anira mfuti ndi zipolopolo linasainidwa kwathu konkuno, mumzinda wa Blantyre, pa 14 Ogasiti 2001, ndipo mmenemo maiko analonjeza kulemba mfuti zonse m'kaundula, kuzidinda zizindikiro, kuthandizana pa malire ndi kuwononga zolandidwa. Dziko limene linayala mphasa ya pangano limenelo liyenera kukhala loyamba kulisunga.

Tsopano ndibwerere ku funso lija, lakuti wolanda mfuti adzatsala ndi chiyani m'manja mwake. Ndipo pano mawu anga alunjika kwa akuluakulu a boma, mwaulemu wonse. Mukauza mlimi wa ku Ngabu kapena wa kwa Chapananga kuti asasunge mfuti, mwapangana naye pangano, ndipo mbali yanu ya panganolo ndi yakuti akuba ng'ombe akafika pakati pa usiku, iye naimba foni, wina adzabwera. Ng'ombe m'chigwa muno ndiyo banki, ndiyo fizi ya mwana, ndiyo imaika maliro. Munthu amene khola lake lakhuthulidwa kawiri, thandizo nilifika dzuwa litakwera, adzafuna chida, mudzamulalikire motani. Apolisi a m'midzi amene amayenda usiku ndi tochi ndi wenzulo akugwira ntchito yaikulu, koma iwo sangalowe m'malo mwa galimoto ya polisi yokhala ndi mafuta. Mbali yachiwiri ya panganolo ndi yolemera koposa, ndiyo yakuti mfuti ya boma ikhale yodziletsa. Mu Disembala 2001 wophunzira wa ku Chancellor College ku Zomba anafa atawomberedwa ndi apolisi pa zionetsero za ophunzira. Ndipo pa zionetsero zimene zinayamba pa 20 Julayi 2011 anthu 20 anafa m'dziko muno, ambiri a iwo ku Mzuzu. Mabala a zipolopolo amene Amalawi akumbukira koposa anachokera ku mfuti zogulidwa ndi msonkho wawo. Boma lofuna kuti nzika zipereke zida mokondwa liyenera kuonetsa kuti chipolopolo chilichonse cha m'nkhokwe yake chimawerengedwa, kuti mfuti ya ntchito sigona kunyumba kwa munthu popanda chilolezo kapena kubwerekedwa kwa achifwamba, ndi kuti woombera munthu wosalakwa amaima pabwalo la milandu monga wina aliyense.

Otsala ndife a m'mudzi. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo chimene ndipempha kwa anyakwawa, makomiti a sukulu, magulu a amayi a pasukulu, abusa ndi mashehe ndi chakuti nkhani iyi ikambidwe pabwalo kukadali bata. Inu aphunzitsi, uzani ana kuti akapeza mfuti, chipolopolo kapena chitsulo chachilendo chooneka ngati bomba, kudimba, kumtsinje kapena pamene madzi osefukira akokolola nthaka, asachigwire, asachimenye ndi mwala, asachiponye pamoto, asachitengere kwa ogula zitsulo. Achoke pamalopo nakauze munthu wamkulu. Muwauzenso kuti mwana amene waulula kuti mnzake wabwera ndi chida m'chikwama, kapena kuti akulankhula zofuna kuvulaza ena kaya kudzivulaza yekha, sanachite ukazitape, ndipo dzina lake lidzasungidwa. Pakuti ofufuza a ku America anapeza kuti kawirikawiri wochita zoopsazi amayamba wauzako mnzake, mnzakeyo nakhala chete. Mwana wonyozedwa tsiku ndi tsiku, amene wayamba kudzipatula, afunika munthu wamkulu womufunsa chimene chamuvuta. Inu amene muli ndi mfuti ya chiphaso, ikhale yokhomeredwa, yopanda chipolopolo mkati, zipolopolo zikhale pena, ndipo kiyi asadziwe mwana pamene ali.

Kwa inu amene mudziwa mumtima mwanu kuti pakhomo panu pali chimene malemu anasiya, kapena chimene munagula m'zaka za mantha zija, ndidziwa kuti chokuletsani ndi kuopa kumangidwa. Bungwe la African Union linapangana mu 2017 kuti mwezi wa Seputembala chaka chilichonse ukhale mwezi wopereka zida zosungidwa popanda chilolezo, ndi kuti wopereka mwa kufuna kwake m'mwezi umenewo asamangidwe kapena kuzengedwa mlandu. Ndipo ndipempha akuluakulu a polisi kuti chaka chilichonse azilengeza poyera, pa wailesi ndi pa mabwalo a mafumu, mmene pangano limenelo ligwirira ntchito kwathu kuno, kuti munthu wa kumudzi adziwe tsiku, malo ndi chitetezo chake. Pofuna kupereka chida chotere, musachinyamule nokha panjinga kunka nacho kupolisi, pakuti chitsulo chakale chikhoza kuphulika panjira, ndiponso wokomana nanu sadzadziwa cholinga chanu. Pitani kaye kwa anyakwawa kapena kwa mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira, iwo akalankhule ndi apolisi, ndipo apolisiwo abwere kudzachitenga pamene chili, pamaso pa mboni.

WOULUTSA: Mwamvera nkhani ya mfuti ndi ana a sukulu, kuchokera kwa Mfumu Maseya m'boma la Chikwawa. Aphunzitsi ndi makomiti a sukulu amene akufuna kuti nkhaniyi ibwerezedwe pa nthawi imene ana angamvere ali m'kalasi atilembere kalata kuno ku wailesi. 

(Nyimbo yotsekera.)